Kupanga mapiritsi a risperidone osungunuka mkamwa: malangizo a mu labu kwa ophunzira ndi a técnico a ku Tete

Aliyense amene anagawako mankhwala mu wodi ya odwala matenda a maganizo amadziwa zimene zimachitika pa nthawi ya mankhwala. Wodwala alandira piritsi, amwa madzi, koma piritsilo walikankhira m'tsaya, ndipo namwino akangotembenuka walilavula. Wina alibe maganizo obisa, kungoti kukhosi kwauma ndipo kumeza kukumuvuta. Wina ali pa ulendo wochokera ku Furancungo kapena ku Tsangano, nthawi ya mankhwala yakwana koma madzi abwino palibe. Piritsi losungunuka mkamwa linapangidwira anthu oterewa. Mukaliika pa lilime, malovu okha amaliphwanya n'kukhala phala losalala lomezeka popanda madzi.

Buku la malamulo a mankhwala la ku Ulaya, European Pharmacopoeia, limalola kuti piritsi lotere liphwanyike mkati mwa mphindi 3. Malangizo amene bungwe la FDA la ku America linatulutsa mu 2008 amanena masekondi 30 kapena kucheperapo, ndiponso kuti piritsilo lisapitirire 500 mg. Ife timatsata masekondi 30, chifukwa munthu wofuna kulavula piritsi mphindi 3 zimamukwanira, n'kutsalako.

Muyambiretu kudziwa kuti piritsi likasungunuka msanga mkamwa sizitanthauza kuti mankhwala agwira ntchito msanga. Risperidone ndi olanzapine, amene ndi mankhwala a matenda a maganizo, akakhala a mtundu uwu amamezedwa ndi malovu n'kukalowa m'magazi kudzera m'matumbo, monga mmene piritsi lawamba limachitira. Wosiyana ndi asenapine, amene amaikidwa kunsi kwa lilime n'kulowera pomwepo, ndipo mukamumeza pafupifupi yense amapita pachabe. Choncho chimene tikupanga pano ndi piritsi losavuta kumwa, lopereka mlingo womwewo umene piritsi lawamba limapereka.

Malangizowa ndi a lote yoyeserera, ndiye kuti gulu la mapiritsi 1000 opangidwa nthawi imodzi, mu labu yophunzirira, monga ya ophunzira a farmácia a ku UniZambeze mumzinda wa Tete. Piritsi lililonse lotuluka mu lote yotere si lopatsa wodwala. Mankhwala opita kwa anthu m'dziko la Mozambique amayenera kupangidwa pamalo ovomerezeka ndi kulembetsedwa ku ANARME, bungwe la boma loyang'anira mankhwala.

Chipinda chikhale chouma musanatsegule chitini chilichonse

Kuno mdani wamkulu wa piritsi ili ndi nyengo. Zonse zimene timaika m'piritsi kuti limwe malovu msanga zimamwanso chinyezi cha mumpweya mwamsanga womwewo. Mumzinda wa Tete kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, kenako mvula ya Disembala mpaka Malichi imabweretsa chinyezi pamwamba pa kutenthako. Ku mapiri a Angónia n'kozizirirako, koma nkhungu ya m'mawa ndi mvula yambiri zimanyowetsa ufa chimodzimodzi. Pachikani hygrometer, chida choyezera chinyezi cha mumpweya, pakhoma pafupi ndi makina. Chinyezi chikhale pansi pa 40 peresenti, kutentha kusapitirire madigiri 25. Yatsani eyakoni ndi makina ochotsa chinyezi maola awiri musanayambe, zitseko zili zotseka. Magetsi akathima ntchito ili mkati, thirani ufa wonse m'thumba la pulasitiki lokhuthala, ikanimo timapaketi ta silica gel, mangani pakamwa, ndipo musadinde piritsi ngakhale limodzi mpaka hygrometer itabwerera pa mlingo wake.

Inunso dzitetezeni. Mlingo wa risperidone ndi wochepa kwambiri, 2 mg yokha, choncho fumbi lochepa lokoka ndi mphuno likhoza kukugonetsani tulo kapena kukutsitsani BP mpaka kuchita chizungulire. Valani chophimba mphuno chosefa fumbi bwino, magolovesi ndi magalasi, ndipo ufa wa mankhwala muyezere pansi pa hood yokoka mpweya.

Zolowa m'piritsi limodzi la 150 mg

Popeza lote ndi ya mapiritsi 1000, nambala za mamiligalamu zili m'munsizi muziwerenge ngati magalamu, ndipo ufa wonse ukwana 150 g.

Risperidone womangidwa pa resin (ufa wogwira mankhwala kuti asawawe mkamwa): 8.0 mg, momwe muli 2 mg ya mankhwala
Mannitol wa spray-dried: 100.0 mg
Microcrystalline cellulose PH 102: 30.0 mg
Crospovidone: 7.5 mg
Sucralose: 0.75 mg
Ufa wa fungo la peppermint: 1.5 mg
Colloidal silicon dioxide: 0.75 mg
Magnesium stearate: 1.5 mg

Mannitol ndiye thupi la piritsi. Tamusankha chifukwa sakoka chinyezi, amazuna pang'ono, ndipo akamasungunuka amaziziritsa mkamwa. Mugule wa spray-dried, monga Pearlitol 200 SD, chifukwa mannitol wa ufa wamba sayenda bwino m'makina ndipo sagwirana akadindidwa. Musayerekeze kuikapo sorbitol m'malo mwake. Sorbitol amamwa chinyezi moti pa nyengo yadzinja ya kuno mapiritsi amayamba kunata asanafike m'paketi.

Cellulose ndi amene amagwirizitsa piritsi kuti lilimbe popanda kulidinda mwamphamvu, komanso amakokera madzi mkati ngati chingwe cha nyali ya koloboyi. Vuto lake sasungunuka. Mukapyola 25 kapena 30 peresenti, wodwala amamva ngati watafuna choko.

Pa zophwanya piritsi pali zitatu zodziwika: crospovidone, croscarmellose sodium ndi sodium starch glycolate. Pa risperidone ife timatenga crospovidone pa zifukwa ziwiri. Choyamba, amakoka madzi n'kukankha tizidutswa kuti tibalalike osapanga ulimbo, pomwe sodium starch glycolate akachuluka amafufuma n'kupanga phala lomata limene limatseka njira ya madzi, piritsi n'kumachedwa m'malo mofulumira. Chachiwiri, croscarmellose ndi starch glycolate ali ndi chaji ya negative pomwe risperidone m'madzi amakhala ndi ya positive, choncho akhoza kugwirako mankhwala ena. Crospovidone alibe chaji. Mlingo wa 5 peresenti ndi poyambira pabwino.

Ambiri amazunitsa ndi aspartame, koma iye amawonongeka ndi kutentha ndi chinyezi, ndiponso amafuna chenjezo pa paketi kwa anthu a matenda obadwa nawo otchedwa phenylketonuria. Sucralose amapirira kutentha, ndipo amazuna kuposa shuga pafupifupi ka 600, n'chifukwa chake 0.75 mg ikukwana.

Musanakhudze mankhwala enieni, pangani kaye lote yopanda risperidone, m'malo mwake muikemo resin yokha 8 g. Pa lote imeneyi ndi pamene mudzaphunzire khalidwe la makina anu, mphamvu yodindira ndi mmene ufa ukuyendera, osataya mankhwala odula.

Kubisa kuwawa

Risperidone amawawa kwambiri, ndipo munthu amene akukayikira kale kuti akumuthira poizoni sadzalandiranso piritsi limene linamuwawa dzulo. Shuga ndi fungo sizikwanira. Njira yodalirika ndi kumanga mankhwala pa ion-exchange resin, njira yomwe inagwiritsidwanso ntchito pa Risperdal M-Tab, piritsi la risperidone losungunuka mkamwa. Tengani resin ya asidi wofooka, monga Amberlite IRP64. Resin imeneyi imagwira risperidone ndi chaji. Mkamwa, momwe pH ili pafupi ndi 6.8 ndipo piritsi limangokhalamo masekondi ochepa, mankhwala samasuka, choncho lilime silimva kanthu. Akafika m'mimba, asidi wa pH 1 kapena 2 amalanda malo pa resin ndipo risperidone amamasuka.

Yezani resin 6.6 g ndi risperidone 2.2 g. Mwawonjezerako 10 peresenti chifukwa zina zimatsalira pa pepala losefera ndi m'galasi. Thirani resin m'madzi oyeretsedwa 120 mL mu beaker, itakasike pa magnetic stirrer kwa mphindi 30 kuti ifufume. Madzi akhale purified water, osati a pampopi kapena a pa mjigo, chifukwa calcium ndi magnesium wa m'madzi amenewo amakhala pa malo amene risperidone amayenera kukhala. Kenako thirani risperidone pang'onopang'ono uku zikutakasika. Poyamba muona ufa ukuyandama, popeza risperidone sasungunuka m'madzi, koma kochepa kamene kasungunuka resin imakatenga, kena n'kusungunukanso, mpaka onse atha. Zisiyeni zitakasike maola 4 mpaka 6. Yang'anani pH ola lililonse, ikhale pakati pa 5.5 ndi 6.5. Ena amathira hydrochloric acid wambiri kuti mankhwala asungunuke msanga, koma pH ikatsika kwambiri resin imasiya kugwira, ndipo mankhwala amathera m'madzi otaya.

Sefani pa Buchner funnel, sungani madzi odonthawo, ndipo muwayeze kuti muone risperidone amene sanamangike. Ngati watsala wambiri, bwezani zonse mu beaker zitakasikenso maola awiri. Tsukani zotsala pa pepala ndi madzi oyeretsedwa 50 mL kawiri. Gawo limeneli ambiri amalidumpha, koma mankhwala ongomatirira kunja kwa resin ndi amene amadzawawa mkamwa. Yalani mopyapyala pa thireyi, umitsani mu uvuni pa madigiri 50 mpaka kulemera kusiye kutsika, kenako perani mopepuka mu mtondo wa mu labu n'kusefa pa sefa ya 60 mesh, ya mabowo a 250 micrometre. Tizidutswa tokulirapo timamveka ngati mchenga pa lilime.

Tsopano yezani kuchuluka kwa mankhwala mu ufa woumawo. Tengani 50 mg, itakasike mu 0.1 N hydrochloric acid kuti mankhwala amasuke, sefani, yezani ndi makina oyezera mankhwala a HPLC kapena a UV pafupi ndi 280 nm. Mwa masamu muyembekezera 25 peresenti, koma kawirikawiri imatsikirako. Tinene kuti mwapeza 23 peresenti. Ndiye 2 kugawa ndi 0.23 ikupereka 8.7 mg pa piritsi, ndipo mannitol atsike kufika pa 99.3 mg kuti piritsi likhalebe 150 mg. Lembani masamuwa pa ficha ya lote, munthu wachiwiri awawerengenso n'kusainira.

Kusakaniza: 2 mg ifike m'piritsi lililonse

Apa ndi pamene lote zambiri zimagwera. Mankhwala ndi osakwana 2 peresenti ya ufa wonse. Mukangothira zonse pamodzi n'kugwedeza, piritsi lina lidzakhala ndi 1.4 mg, lina 2.7 mg, ndipo maso sangaone kusiyanako. Wodwala ndiye adzakuone: lero kukokana kwa minofu ya khosi ndi kunjenjemera, mawa mawu a m'mutu kubwerera.

Sefani mannitol, cellulose ndi crospovidone, chilichonse pachokha, pa sefa ya 40 mesh. Colloidal silicon dioxide ndi wopepuka moti amauluka, choncho muyambe mwamusakaniza ndi cellulose 10 g m'kathumba, n'kusefera pamodzi. Kenako tsatirani geometric dilution. Ikani ufa wa resin ndi mankhwala, 8 g kapena mlingo umene masamu anu apereka, pamodzi ndi sucralose ndi peppermint, muthirepo mannitol wolemera chimodzimodzi, musakanize mphindi 3. Pa zimene mwapezazo thiraninso mannitol wofanana nazo kulemera, musakanize. Pitirizani kuwirikiza motero mpaka mannitol atatha, kenako cellulose ndi crospovidone. Dutsitsani zonse pa sefa ya 40 mesh kamodzinso kuti zibuluma ziphwanyike.

Thirani mu blender, ya V kapena ya double cone, yodzaza pakati pa theka ndi magawo awiri mwa atatu. Ikadzaza kwambiri ufa suyenda, ikachepa kwambiri umangotsetsereka pakhoma osasakanikirana. Izungulire mphindi 15. Tengani zoyesa m'malo 10, pamwamba, pakati, pansi ndi m'makona, chilichonse cholemera ngati piritsi limodzi mpaka atatu. Chilichonse chikhale pakati pa 90 ndi 110 peresenti ya mlingo, ndipo RSD, muyezo wa kusiyana kwa zoyesazo, isapitirire 5 peresenti. Zikakanika, onjezani mphindi 5 n'kuyesanso.

Magnesium stearate alowe pomaliza penipeni. Musefeni pa 60 mesh, mumwazeni pamwamba pa ufa, blender izungulire mphindi 3 zokha, wotchi ili m'manja. Stearate ali ngati sera. Ntchito yake ndi kuterereza piritsi kuti lituluke m'chikombole, koma mukamusakaniza nthawi yaitali amakuta kachidutswa kalikonse, madzi n'kumalephera kulowa. Zotsatira zake n'ziwiri nthawi imodzi: piritsi lofewa komanso lochedwa kuphwanyika. Lote yotero palibe njira yoikonzera. Ngati muli ndi sodium stearyl fumarate, muikeni m'malo mwake pa mlingo womwewo, chifukwa iye satsekereza madzi kwambiri.

Musanapite pa makina onani mmene ufa ukuyendera. Thirani 40 g mu measuring cylinder ya 100 mL osagwedeza, lembani pamene wafika, kenako gogodani mpaka usiye kutsika. Ukachoka pa 80 mL kufika pa 68 mL, kusiyana kwa 12 kugawa ndi 80 ndi 15 peresenti, ndipo imeneyi ndiyo Carr's index. Pa 15 kapena pansi pake ufa uyenda bwino. Ikadutsa 25 kulemera kwa mapiritsi kudzakhala kosinthasintha. Zikatero yang'anani kaye ngati ufa wanyowa, kenako kwezani silicon dioxide kufika pa 1 peresenti.

Kudinda

Gwiritsani ntchito punch (chitsulo chodindira piritsi) ya 8 mm, yafulati yokhala ndi m'mbali mosongoka pang'ono. Piritsi lafulati ndi lopyapyala limakumana ndi malovu malo ambiri kuposa lotukuka pakati. Ganizani za chikombole cha njerwa: kuya kwa chikombole ndiko kumapereka kulemera, mphamvu yotsindira ndiyo imapereka kulimba. Yambani ndi kulemera. Zunguzani makina ndi dzanja, sinthani punch ya pansi mpaka mapiritsi 10 otsatizana akhale pafupi ndi 150 mg. Kenako kwezani mphamvu pang'onopang'ono.

Njira yabwino ndi kudinda timagulu titatu ta mapiritsi 60: kena kolimba 25 N (newton, muyezo wa mphamvu yoswera piritsi), kena 35 N, kena 45 N. Pa kagulu kalikonse yezani kunyenyeka ndi nthawi yophwanyikira. Kofewa kadzaphwanyika msanga koma kadzagumuka m'mbali, kolimba kadzapirira koma kadzachedwa. Sankhani mphamvu yochepetsetsa imene ikupambana mayeso a kunyenyeka. Pa ufa wa mtundu uwu kawirikawiri imagwera pakati pa 30 ndi 40 N. Piritsi lawamba limadindidwa molimba kuposa apa, choncho amene anazolowera mapiritsi awamba dzanja limawanyenga kuti awonjezere mphamvu, tinjira ta madzi ta mkati mwa piritsi n'kutsekeka.

Makina akuyenda, mphindi 10 zilizonse yezani kulemera kwa mapiritsi 10 ndi kulimba kwa atatu. Malire a m'mabuku pa piritsi la 150 mg ndi 7.5 peresenti uku ndi uku, koma inu dziikireni 3 peresenti kuti muone vuto lisanakule. Hopper, ndowa yothiramo ufa pamwamba pa makina, isatsike kupyola gawo limodzi mwa atatu, ndipo musaigogode kuti ufa utsike, popeza kugwedeza kumatsitsa tizidutswa ta resin pansi n'kusiya mannitol pamwamba. Mapiritsi oyamba ndi omaliza muwasunge padera kuti akayezedwe paokha, chifukwa kupatukana kwa ufa kumaonekera kwa iwo.

Mayeso

Kunyenyeka: yezani mapiritsi okwana 6.5 g, amene ndi pafupifupi 43, muwapukute fumbi, aikeni mu friabilator izungulire ka 100 pa liwiro la 25 pa mphindi. Pukutaninso n'kuyeza. Kulemera kotayika kusapitirire 1 peresenti, ndipo piritsi limodzi lokha likang'aluka mayeso alephera.

Kuphwanyika: mapiritsi 6 m'makina a disintegration, madzi a madigiri 37. Koma makinawa ali ndi madzi ambiri ndipo amavuvumula, pomwe mkamwa muli malovu ochepa. Odwala athu ambiri mkamwa mwawo n'mouma kale chifukwa cha mankhwala, makamaka amene akumwanso biperiden kapena trihexyphenidyl. Pa chifukwa chimenechi chitaninso mayeso achiwiri. Pindani tishu kawiri, muiike mu petri dish ya 6.5 cm, thirani madzi 6 mL othira utoto pang'ono, ikani piritsi pamwamba, n'kuwerenga masekondi mpaka utoto ufike pamwamba pa piritsi lonse. Piritsi limene lapambana m'makina koma pa tishu likutenga mphindi yathunthu lidzakhala pa lilime louma osaphwanyika.

Kufanana kwa mlingo: yezani mankhwala m'mapiritsi 10, lililonse palokha. Pa mlingo wochepera 25 mg kulemera kokha sikukwanira kukhala umboni. Acceptance value, nambala ya m'mabuku yosonyeza mmene milingoyo yasiyanirana, isapitirire 15.0. Ngati mukuyeza ndi UV, yezaninso mapiritsi a lote yopanda mankhwala ija kuti mutsimikize kuti fungo ndi zinazo sizikuwonjezera nambala.

Kumasuka kwa mankhwala: makina otakasa ndi paddle ozungulira ka 50 pa mphindi, 0.1 N hydrochloric acid 500 mL, madigiri 37, kutenga zoyesa pa mphindi 5, 10, 15 ndi 30. Dziikireni cholinga cha 85 peresenti pa mphindi 15, ndipo muyerekeze ndi piritsi lolembetsedwa kale. Akamachedwa kumasuka, nthawi zambiri resin yachuluka kapena tizidutswa take n'tatikulu.

Kuwawa musakuyeze ndi lilime lanu kapena la mnzanu. Ikani piritsi mu phosphate buffer ya pH 6.8 yokwana 10 mL, gwedezani masekondi 60, sefani msanga, yezani mankhwala amene amasuka. Akhale ochepa kwambiri poyerekeza ndi piritsi lopanda resin. Kulawitsa anthu kumafuna chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku wa pa anthu.

Zikavuta

Ufa ukamamatirira pa nkhope ya punch, mapiritsi n'kumatuluka ndi maenje, yang'anani hygrometer musanayang'ane china chilichonse. Ngati chinyezi chili bwino, pukutani punch ndi ethanol, onani ngati ili ndi zokanda, ndipo pomaliza ndiye muganize zokweza choterereza, magnesium stearate uja, kufika pa 1.5 peresenti, poti mannitol amafuna wochulukirapo kuposa lactose. Piritsi likamabanthuka pamwamba ngati chivundikiro, mpweya watsekeredwa mkati: chepetsani liwiro la makina, chepetsani mphamvu, ndipo onani ngati ufa wosalala kwambiri wachuluka. Ufa wouma mopitirira muyeso nawonso umachita zomwezo, chifukwa cellulose amafuna kachinyezi kake kachibadwa kuti agwirane, choncho musamuumitse mu uvuni.

Mapiritsi akamachedwa kuphwanyika, funsani mafunso atatu motsatana. Kodi kulimba kwadutsa 45 N? Kodi stearate anazungulira mphindi zingati? Kodi chitini cha crospovidone chinakhala chotsegula? Crospovidone amene wamwa kale chinyezi mu sitolo mphamvu yake yokoka madzi imachepa. Kukweza mlingo wake kufika pa 8 peresenti kumathandiza pokhapokha zitatuzi zili bwino. Ena amawonjezera camphor 5 mpaka 10 peresenti, n'kuika mapiritsi mu uvuni wa madigiri 60 kuti camphor auluke asiye timabowo. Amafulumiradi, koma amatuluka osalimba ndipo kafungo kamatsalira, choncho pa misewu ya fumbi ndi mabampu yopita ku zipatala za kumidzi njira imeneyi ife sitiilimbikitsa. Chimodzimodzi freeze-drying ya mtundu wa Zydis, imene imaumitsa gelatin ndi mannitol m'chisanu: piritsi lake limasungunuka m'masekondi ochepa, koma imafuna makina odula ndi magetsi osadukiza kwa maola ambiri.

Ngati mukufuna olanzapine

Olanzapine 5 kapena 10 mg sawawa ngati risperidone, choncho resin mutha kuisiya, mannitol n'kudzaza malo ake. Ufa wake ndi wachikasu, zimene zimathandiza kuona ndi maso ngati kusakaniza kwalephera, chifukwa mapiritsi amatuluka a mawangamawanga. Chinyezi chimamusintha maonekedwe a makristo ake, choncho musamuyandikize ku wet granulation ya madzi, njira yonyowetsa ufa kuti upange timibulu, ndipo mumuteteze ku kuwala. Amayabwitsanso khungu ndi maso a omugwira.

Paketi ndi kusunga

Piritsi labwino likhoza kufera m'paketi yolakwika. Timapepala ta pulasitiki timene timagawira mapiritsi pa windo la farmácia sitingasunge piritsi ili. PVC yokha imalowetsa chinyezi. Chofunika ndi blister ya aluminiyamu mbali zonse, ya mtundu wosenda kumbuyo, chifukwa piritsi la 35 N mukalikankha ndi chala kuti liboole chitsulo limasweka. Pa lote ya mu labu, botolo la HDPE lotseka bwino lokhala ndi silica gel likwanira.

Kuti muone ndi maso zimene nyengo imachita, sungunulani mchere wa sodium chloride m'madzi mpaka wina utsale pansi osasungunuka, muuike pansi mkati mwa desiccator, chigalasi chotseka chosalowa mpweya. Mpweya wa mkatimo umakhala ndi chinyezi cha pafupifupi 75 peresenti. Ikanimo mapiritsi 20 osaphimba ndi ena 20 a m'paketi yanu, muyeze kulemera ndi kulimba tsiku lililonse kwa sabata imodzi. Osaphimbawo adzalemera, adzafufuma, pamwamba padzachita nsungu, ndipo adzafewa. A m'paketi akachita zomwezo, paketiyo siyoyenera. Mayeso enieni a stability, oona ngati mankhwala sakuwonongeka posungidwa, ndi madigiri 40 ndi chinyezi cha 75 peresenti kwa miyezi 6, pamodzi ndi a nthawi yaitali pa madigiri 30 ndi 75 peresenti, amene ndi mlingo wa mayiko otentha ndi a chinyezi. Pa nthawi iliyonse yoyeza bwerezani mlingo wa mankhwala, zinthu zobwera chifukwa cha kuwonongeka kwake, kulimba, kuphwanyika ndi kumasuka.

Zolemba pa paketi ndi gawo la ntchito yomweyi, ndipo zilembedwe m'Chipwitikizi ndi m'Chichewa kuti wosamalira wodwala ku Ulongue kapena ku Zóbuè aziwerenge yekha. Manja akhale ouma. Asende pepala la kumbuyo, asakankhe. Piritsi lituluke pa nthawi yomwera yokha, lisasungidwe m'thumba la malaya kapena pa mfundo ya chitenje. Aliike pa lilime, asalitafune, asaligawe pakati, ndipo likaphwanyika ameze ndi malovu. Ngati mkamwa mwauma kwambiri, wodwala ayambe wanyowetsa mkamwa ndi madzi pang'ono. Paketi isakhale pafupi ndi moto kapena pansi pa denga la malata. Técnico de psiquiatria kapena wa farmácia popereka mankhwalawa awauzenso achibale momveka kuti piritsi ili si lothira mobisa m'phala kapena mu thobwa. Wodwala adziwe chimene akumwa, ndipo ngati akukana, abwere naye ku chipatala kuti akambirane ndi amene analemba mankhwalawo.